Kodi Kunenepa Kumatsata Chuma?

Mwa malonje onse amene Amalawi timalandirana nawo, palibe okoma m'khutu la wobwera kuchokera ku tauni koposa aja amene azakhali ake, atamuyang'ana kuyambira kumutu kufikira kuphazi, aomba m'manja nati, "Koma ndiye mwanenepatu, zikukuyenderani kumeneko!" Mawu amenewa sanenedwa monyoza ayi, ndi dalitso, ndiponso ndi umboni wa chimene makolo athu adachiona ndi maso awo kwa mibadwo yosawerengeka, chakuti m'dziko limene nkhokwe zimatha chimanga chatsopano chisanache, ndipo munthu amagwira khasu kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa litafika paliwombo, mnofu sukhazikika pa thupi la munthu wamba, koma pa thupi la iye amene ali ndi omulimira. Tsono lero a chipatala akutiuza kuti kunenepa kopyola muyeso ndiko khomo la matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi kufa kwa ziwalo; ndipo m'mene mawuwa amveka, pabuka mtsutso pakati pa anthu oganiza, ena nati kunenepa kumatsata chuma ndi malo a munthu pakati pa anzake, ena nati iyayi, ndi nkhani ya magazi a kumtundu, ya mwambo ndi ya kudziletsa kwa mwini thupi, ndipo chuma achinamizira chabe. Mlandu wotere suyenera kugamulidwa mothamanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Choncho ndifuna kuti mbali zonse ziwiri zikhale pabwalo, iliyonse ndi mboni zake, tisananene kumene choonadi chapendekera.

Poyamba timvane za chinthu chimene tikukanganirana, pakuti si thupi lililonse lodzaza limene lili ndi mlandu. Madokotala ali ndi muyeso wawo umene autcha BMI, ndipo amaupeza potenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu, nakugawa ndi msinkhu wake m'mamita, nagawanso kachiwiri ndi msinkhu womwewo. Yankho likafika 25 amati munthuyo wapyola muyeso, likafika 30 amati wanenepa kwambiri, ndipo wayandikira matenda. Ndiko kunena kuti mayi wamtali mamita 1.6 wapyola muyeso akafika makilogalamu 64, ndipo walowa m'gulu la onenepa kwambiri akafika 77. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, lidawerenga kuti m'chaka cha 2022 munthu mmodzi mwa 8 alionse pa dziko lapansi anali m'gulu lachiwirili, ndipo akuluakulu okha anali 890 miliyoni.

Amene akuti kunenepa kumatsata chuma sasowa mboni, ndipo mboni yawo yoyamba ndi dziko lathu lomwe lino. Ofesi ya boma yowerengera anthu, imene likulu lake lili ku Zomba, idayenda m'midzi ndi m'matauni m'zaka za 2015 ndi 2016 ikuyeza amayi a zaka zapakati pa 15 ndi 49, ndipo idapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse anali opyola muyeso, pamene m'chaka cha 2010 anali 17, ndipo m'chaka cha 2000 anali 12 okha. Koma chimene chikomera mbali iyi ya mtsutso ndi m'mene amayiwo adagawanikira, pakuti m'matauni anali 36 mwa 100, m'midzi monga theka la chiwerengerocho, ndipo m'mabanja olemera koposa adachuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi m'mabanja osaukitsitsa. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu ndi opinimbira. Ng'ombe zonenepa ndi ng'ombe zowonda, zimene m'maloto a Farao zinali zaka zotsatana, kwa ife zikudya m'dambo limodzi nthawi imodzi.

Chifukwa chake si chobisika kwa munthu amene adakhalapo m'mudzi. Mayi wa ku Ntchisi kapena ku Phalombe adzuka tambala atangolira, napita ku mjigo ndi ndowa ya malita 20, naisenza pankhata kawiri kapena katatu asanalawe kanthu. Akachoka apo atenga khasu, nalima kufikira nthaka itatentha kumapazi. Pobwera asenza mtolo wa nkhuni, mwana ali kumbuyo. Madzulo agwira munsi kukonola chimanga. Ndipo chakudya chake ndi nsima ndi nkhwani wotendera, kapena chigwada, kapena bonya wa tsiku la msika, mafuta ophikira ali a apo ndi apo. Thupi lotere lilibe mpata wosunga kanthu. Koma mng'ono wake, amene adapitirira sukulu nalowa ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe, akwera galimoto pakhomo la nyumba natsikira pakhomo la ofesi, akhala pampando tsiku lonse, m'mawa tiyi wa mkaka ndi buledi wopaka majarini, masana mpunga ndi nkhuku yokazinga ndi botolo la chakumwa chotsekemera, ndipo pofika kunyumba apeza wantchito wamuchapira, wamuphikira, wamukolopera. Loweruka kuli ukwati, Lolemba kuli msonkhano wa ku hotela kumene mbale sizitha pa tebulo. Awiriwa ndi ana a bere limodzi, ndipo chimene chawasiyanitsa matupi ndi sukulu ndi malipiro.

Koma a mbali iyi sayima pamenepo, pakuti ali ndi mboni yachiwiri, ya kutsidya kwa nyanja, imene mawu ake amadabwitsa Mmalawi aliyense powamva koyamba. Ku maiko olemera kunenepa kudasamuka m'nyumba za mabwana, nikukamanga msasa m'nyumba za amphawi. Dokotala wina wa ku America, Albert Stunkard, pamodzi ndi anzake, adalengeza m'chaka cha 1965 zimene adapeza pakati pa anthu a mu mzinda wa New York, kuti amayi onenepa kwambiri anali 30 mwa 100 pakati pa osauka, koma 5 okha pakati pa olemera. Ndipo m'chaka cha 1989 iye ndi Jeffery Sobal, atasonkhanitsa zofufuza 144 za m'maiko osiyanasiyana, adaona kuti m'maiko osauka wonenepa amakhala wolemera, pamene m'maiko olemera, makamaka pakati pa amayi, wonenepa amakhala wosauka. Kufikira lero zinthu zili chomwecho. Ku England, kumene boma limayeza ana a sukulu chaka ndi chaka, ana onenepa kwambiri amapezeka ochuluka kuposa kawiri m'madera osaukitsitsa poyerekeza ndi m'madera olemera. Ndipo abale athu amene akugwira ntchito yosamala okalamba ku Manchester kapena ku Leeds angathe kuchitira umboni kuti misewu ya osauka ndiyo yodzaza ndi timalo togulitsira nkhuku yokazinga ndi chipisi. Kumeneko mafakitale adatsitsa mtengo wa shuga, mafuta ndi ufa woyera kufikira kuti palibe chokhutitsa chotsika mtengo choposa izo, pamene nsomba zaziwisi, zipatso ndi ndiwo zamasamba zifuna ndalama zambiri ndi nthawi yophika, zimene munthu wogwira ntchito ziwiri alibe. Kumeneko kuwonda ndiko kogula.

Tsopano tiwapatse mpata a mbali inayo, pakuti mfumu yogamula itangomva pakamwa pamodzi ipasula mudzi, ndipo anthu awa mawu awo si opepuka. Iwo ayamba ndi kutola chida cha anzawo: ati mboni imene inena ku Lilongwe kuti wonenepa ndi wolemera, nikanena ku London kuti wonenepa ndi wosauka, ndi mboni ya malilime awiri, ndipo bwalo lanzeru siliyenera kumangira mlandu pa iyo. Akatero aloza ku magazi. Ndani sadziwa mbumba imene anthu ake onse, kuyambira kwa agogo, ndi a matupi akulu angakhale m'chaka cha chilala? Kapena munthu wachuma amene adya nyama tsiku ndi tsiku koma nthiti zake ziwerengeka? Ndipo chodabwitsa n'chakuti mboni yawo yaikulu ndi Stunkard yemwe uja, pakuti m'chaka cha 1986 iye ndi anzake adafufuza anthu 540 a ku Denmark amene adaleredwa kuyambira ubwana m'mabanja ena, napeza kuti matupi awo atakula adatsata makolo owabala, amene sadadye nawo mbale imodzi, osati makolo owalera, amene ankawapatsa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ndiponso m'chaka cha 1990, pofufuza mapasa a ku Sweden amene adalekanitsidwa ali ana, adapeza kuti gawo lalikulu la kusiyana kwa matupi awo ndi a anthu ena, monga magawo 7 mwa 10, lidachokera ku chibadwa. Ngati zili tero, ati iwo, thumba la ndalama lilowerapo pati?

Chida chawo chachiwiri n'chakuthwa koposa, ndipo n'chovuta kuchizemba. Pakati pa zaka za 2013 ndi 2016 bungwe lofufuza la MEIRU lidayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 m'midzi ya kummwera kwa Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo opyola muyeso adapezeka motere: amayi a m'tauni 44 mwa 100, abambo a m'tauni 18, amayi a kumudzi 27, abambo a kumudzi 9. Taziyang'anani bwino ziwerengerozo. Mayi wa kumudzi ku Karonga, wolima chinangwa ndi mpunga, aposa bambo wa mu mzinda wa Lilongwe. Ndipo mwamuna ndi mkazi wake, olowa khomo limodzi, odya za mu mphika umodzi, odalira ndalama imodzi, asiyana chotere. Ku South Africa m'chaka cha 2016 amayi opyola muyeso anali 68 mwa 100, abambo 31. Ku America, kumene pakati pa 2011 ndi 2014 amayi onenepa kwambiri anali 45 mwa 100 pakati pa osauka ndi 30 pakati pa olemera, abambo sadatsate mzere umenewo konse, pakuti osauka ndi olemera anali pafupi kufanana, monga 32 mwa 100, ndipo apakati ndiwo adaposa onse. Chinthu chimene chisankha akazi nichilambalala amuna a m'nyumba yomweyo, ati a mbali iyi, sichingakhale chuma, pali china.

Chinacho, ati, ndi mwambo, umene suyang'ana thumba la munthu. Kwathu mkazi akakwatiwa natha chaka thupi lake osasintha, abale ake amafunsa ankhoswe ngati mkamwini akumusamala. Akanenepa, ulemu upita kwa mwamuna, ndipo apongozi agona tulo. Pamwamba pa mwambo wakalewu padagwa mthunzi wa zaka zija za m'ma 1990, pamene kaliwondewonde adalowa m'mudzi uliwonse, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa kwaulere m'chaka cha 2004, ndipo anthu adaphunzira kuyeza mnansi wawo ndi diso, kuona ngati lamba wasuntha kapena khosi latalika. Kuyambira pamenepo kuwonda kudasanduka mlandu, kotero kuti alipo amayi ambiri lero, olemera ndi osauka omwe, amene dokotala akawauza kuti achepetse thupi amavomera pakamwa pokha, poopa manong'onong'o a pa mjigo ndi a kumpingo. Onjezanipo kuti ena mwa mankhwala amakono otalikitsa moyo amanenepetsa, makamaka amayi, monga kafukufuku wa ku Johannesburg adaonetsa m'chaka cha 2019. Ndipo pano ndinene msanga kuti munthu asasiye mankhwala ake chifukwa cha ichi, koma akambirane ndi dokotala wake, pakuti mankhwalawo ndiwo adaukitsa dziko lino. Onjezaninso uchembere wobwerezabwereza, umene umasiya mnofu pang'ono pa mwana aliyense. Zonsezi sizifunsa kuti munthu amalandira zingati pa mwezi.

Potsiriza a mbali iyi alankhula ngati alaliki. Ati munthu si mbuzi yomangidwa pachikhomo, kuti adye chokhacho chimene chingwe chafikira. Ali ndi mtima wosankha, ndipo Danieli, ali wandende m'nyumba ya mfumu ya ku Babulo, adakana zonona za pa gome lachifumu napempha zamasamba ndi madzi. Kuuza wosauka kuti thupi lake lidalembedwa kale ndi umphawi wake ndiko kumulanda ulemu umene wamutsalira, ndipo kuuza wolemera kuti mimba yake ndi mlandu wa malipiro ake ndiko kumupatsa pobisala. Mawu awa ndiwalemekeza, chifukwa ndaona anthu amene atauzidwa kuti ali ndi shuga adasintha kadyedwe kawo ndi mtima wonse, osadikira boma kapena kukwera kwa malipiro, ndipo lero ali moyo ndi maso awo ndi miyendo yawo yonse.

Komabe, nditamva zonsezi, ndiona kuti a mbali yachiwiri atsimikiza chinthu choona, ndicho chakuti chuma sichiyenda chokha. Koma sadathe kuchitulutsa pabwalo. Tiyambe ndi magazi. Magazi a mtundu wa anthu sasintha m'zaka 15, koma m'zaka 15 zomwezo amayi athu opyola muyeso adachoka pa 12 kufika pa 21. Chimene chasintha ndi chakudya, ntchito ndi mayendedwe, ndipo zonsezi zili m'manja mwa ndalama. Kuli mtundu wa anthu otchedwa Pima, amene ena akhala ku Arizona m'dziko la America, ena m'mapiri a ku Mexico, onse ochokera kwa makolo amodzi. A ku Arizona anali alimi a minda yothirira, kufikira pamene atsamunda adapatutsa madzi a mtsinje wa Gila chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, minda yawo niuma, iwo nayamba kudalira ufa woyera, shuga ndi mafuta a chithandizo cha boma. Ndipo kafukufuku wa m'chaka cha 2006 adapeza kuti ndi onenepa kutalitali kuposa abale awo a ku Mexico, ndiponso kuti 38 mwa 100 a iwo ali ndi matenda a shuga, pamene a ku Mexico, amene ankalimabe ndi manja, anali 7 okha. Chibadwa chimaloza amene adzayambe kunenepa zinthu zikasintha. Koma chimene chidasintha zinthu kwa a Pima chinali kulandidwa madzi ndi minda.

Palinso china chimene ife a dziko lodziwa njala tiyenera kuchimva ndi mantha. M'nyengo yozizira ya 1944 ndi 1945, nkhondo ya Hitler ili kumapeto, kumadzulo kwa dziko la Netherlands kudagwa njala yoopsa. Ndipo m'chaka cha 1976 ofufuza, atasanthula miyeso ya anyamata 300,000 olembedwa usilikali, adapeza kuti aja amene amayi awo adasowa chakudya m'miyezi yoyamba ya pakati ndiwo adachuluka kunenepa kuposa anzawo. Thupi limene lidakumana ndi kusowa lili m'mimba limaphunzira kusunga. Ndiye kuti ana athu opinimbira aja, ndi aja adabadwa m'njala ya 2002, akadzalowa m'tauni nakapeza chiwaya pa mphambano iliyonse, adzafikako ndi matupi okonzekera chilala chimene sichidzabwera. M'mera mpoyamba, ndipo chimene tichitcha cha kumtundu nthawi zina chimakhala njala ya amayi athu.

Za kusiyana kwa amuna ndi akazi, yendani m'mawa ku Ndirande, ku Mbayani, ku Chinsapo kapena ku Mtandire, muone ntchito za osauka. Mwamuna wosauka wa m'tauni akugulitsabe mphamvu zake: apalasa kabaza, asenza matumba a simenti, aumba njerwa, akankha wilibala, ndipo zonse zimene wadya zituluka ndi thukuta. Mkazi wake akhala pa kampando kumbuyo kwa beseni la mandasi kapena benchi la tomato kuyambira m'mawa kufikira mdima, osachokapo poopa kuphonya wogula. M'mawa amwa tiyi wa shuga wambiri kuti njala ichedwe, masana adya mandasi otsala kapena chipisi cha pa chiwaya choyandikana nacho, chokazingidwa m'mafuta akuda amene atenthedwa kambirimbiri. Madzulo agula kathumba ka ufa woyera ka tsiku limodzi ndi kachubu ka mafuta. Mufunseni chifukwa chake saphika nyemba, adzakuuzani kuti nyemba zimatha makala. Mufunseni za chambo ndi zipatso, adzamasula pangodya ya chitenje nakuonetsani zimene wapeza tsikulo. Mufunseni za mgaiwa, adzati ana amaukana, chifukwa anzawo amati ndi nsima ya kundende ndi ya kusukulu yogonera komweko. Bonongwe ndi chisoso, zimene amake ankathyola kuseri kwa nyumba, iye azigula pa mulu. Mayi ameneyu ndi wonenepa, mwana ali kumbuyo kwakeyo mwina ndi wopinimbira, ndipo odutsa amuyesa wodala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inde, thupi la mkazi lidalengedwa losunga mafuta koposa la mwamuna, ndipo mwambo umachita mbali yake. Koma amene adamukhazika pa kampandoko ndi umphawi, umene umagawira amuna ntchito zina ndi akazi zina. Kudziletsa kumene alaliki aja anena n'koona, koma kufuna kuti pakhale ziwiri zosankhapo. Danieli adapempha zamasamba m'nyumba imene zamasamba zinalimo.

Ndipo mboni ija yonenedwa ya malilime awiri, poimvetsera bwino, inena chimodzi. Ku Lilongwe ndi ku London munthu adya chimene thumba lake lifikira, nagwira ntchito imene malo ake amupatsa. Chosiyana ndi mtengo wa zinthu, pakuti kumene shuga ndi mafuta zili zodula ndipo ntchito ili ya manja, wonenepa ndi mwini chuma, koma kumene shuga ndi mafuta zatsika mtengo ndipo ntchito ya manja yatha, wonenepa ndi mmphawi. Carlos Monteiro wa ku São Paulo ndi anzake adaonetsa m'chaka cha 2004 kuti katundu wa kunenepa amayamba kutsikira pa amayi osauka pamene chuma cha dziko, chikagawidwa kwa anthu ake onse, chifika madola a ku America monga 2,500 kwa munthu mmodzi pa chaka. Ife sitinafike ngakhale theka la pamenepo, ndipo ndicho chifukwa chake ziwerengero zathu zilozabe kwa olemera. Koma m'makwalala a matauni athu kutsikako kwayamba kale, pakuti zotsekemera ndi zokazinga zimafika kwa wosauka msanga kuposa malipiro abwino. Tilira chitukuko usana ndi usiku, ndipo tiyenera kuchilira; koma walira mvula walira matope.

Chigamulo changa, tsono, n'chakuti kunenepa kumatsatadi chuma ndi malo a munthu, ngakhale kuti magazi, mwambo ndi mtima wa mwini thupi zili nazo mbali zake. Ndipo chimene chindikhalitsa osagona ndi kumene katunduyu akulowera. Bwana akapezeka ndi shuga apita ku chipatala cholipira, nagula mankhwala ndi kamakina kodziyezera, nauza wophika wake asinthe ndiwo. Mayi wa mandasi uja adzadziwa za shuga wake tsiku limene bala la kuphazi lakana kupola kapena maso ayamba chifunga; ndipo pamene iye agona, geni yake ifa, lendi isowa, ana achoka pa sukulu, umphawi umene udamunenepetsa nubadwanso mwa ana ake.

Chifukwa chake ndipempha boma kuti lisadikire kufikira zipatala zitadzaza. Mexico adaika msonkho pa zakumwa zotsekemera m'chaka cha 2014, South Africa ndi Britain m'chaka cha 2018. Ifenso tingathe kutero ndi cholinga cha zaumoyo, ndalama zake nizipita ku zipatala zazing'ono kuti chilichonse chikhale ndi sikelo, makina oyezera kuthamanga kwa magazi ndi zoyezera shuga. Makhonsolo a mizinda asiye njira za oyenda pansi ndi a njinga, ndipo mabwalo a masewero asawadule mapuloti. Inu ophunzira ndi inu a chuma, dziwani kuti gome lanu ndilo limene osauka amatengerako chitsanzo. Mlendo wolemekezeka akabwera, muikireni mgaiwa, nkhwani wotendera ndi nyemba popanda kupepesa, kuti chakudya cha makolo chichoke manyazi. Abusa, mafumu, amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika, letsani manong'onong'o pa munthu amene wachepetsa thupi pomvera dokotala, ndipo letsaninso chitonzo pa wonenepa, pakuti simudziwa chimene adya ndi chifukwa chake.

Ndipo inu amene mukuwerenga, kaya muli ndi thupi kaya ndinu wowonda, pitani mwezi uno ku chipatala chapafupi mukakwere sikelo, akakuyezeni kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo mutenge mayi anu, mlongo wanu ndi wantchito wa m'nyumba mwanu. Mwa anthu amene a MEIRU adawapeza ndi kuthamanga kwa magazi ku Karonga ndi ku Area 25, 58 mwa 100 sankadziwa kuti akudwala. Mwa a shuga, osadziwa anali 41 mwa 100.